Njinga yakale ya mpikisano ija: muthirepo ndalama kapena muisiye?

Tikunena njinga zija za mahandulo opindikira pansi, matayala owonda, magiya ake osinthira pa timandodo tiwiri tili pa paipi ya felemu pafupi ndi maondo. Ena munaipeza kwa malume amene anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale, ena mwangoiona pa njinga za kaunjika zochokera ku Japan kapena ku Ulaya ndiye mtima uli dyokodyoko chifukwa mtengo wake ukuoneka wofewa. Matayala aphwa, tcheni chadzimbiri, chishalo chong'ambika, koma ikuoneka kuti inali njinga nthawi yake. Ineyo maganizo anga ndi akuti musagule kanthu kalikonse, olo chubu, musanaunike felemu ndi kuwerenga nambala ya pa tayala. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zomwe zimagamula mlandu wonsewu, penti ndi dzina lolembedwa pa paipi zimangonamiza maso.

Yambani ndi kudzifunsa kuti mukuifunira chani. Ngati ndi yopitira ku ntchito pa tala, kapena yolimbitsira thupi loweruka m'mawa, kaya mukulota tsiku lina mudzapalase kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba, chabwino tiyeni nazo. Koma ngati mukufuna yonyamulira thumba la chimanga kupita kuchigayo, makala, kapena kabaza, basi lekerani pompa. Njinga izi sanazipangire katundu, malimu ake ndi opyapyala, zambiri zilibe ndi pomangira kaliyala pomwe. Kagulenitu Buffalo kapena njinga wamba ya 28 ija, mupulumutsa ndalama ndi masipoko.

Kenako saizi. Iyi anthu amaidumpha koma ilibe mankhwala. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi, paipi ya pamwamba isakugundeni, pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mukayeza kuchokera pakati pa kilanki kukafika pamwamba pa paipi yolowa chishalo, munthu wa msinkhu wa 1.70 m amakhala bwino pa felemu ya 53 kapena 54 cm, wa 1.80 m pa 56 mpaka 58, mongoyerekeza. Felemu yochepa pang'ono mutha kuinyengerera pokweza chishalo, yaikulu kwambiri palibe chomwe mungachite.

Tsopano itsukeni ndi madzi a sopo, muiyike padzuwa, mukhale nayo pansi bwinobwino chifukwa apa ndi pomwe pali nkhani.

Tengani maginito, olo aja a mu sipika yakufa, mugunditse pa paipi. Akakakamira ndiye kuti ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu kapena carbon. Chitsulo ndi chomwe chimakhululuka, chimawongoleka, chimawotcherereka. Aluminiyamu ikang'aluka nkhani yatha, musalole wina akuuzeni kuti aimata. Koma zitsulo nazo zimasiyana. Yang'anani ka sitika pa paipi yoimirira ija pansi pa chishalo: mukaona Reynolds 531, Columbus, Tange, Ishiwata kapena mawu oti Cr-Mo, mwagwira chinthu. Reynolds 531 anayamba kuipanga ku Birmingham mu 1935 ndipo kwa zaka zambiri njinga zothamangitsa zenizeni zimapangidwa ndi mapaipi amenewa, opepuka komanso olimba. Mukaona Hi-Ten ndiye kuti ndi chitsulo wamba, cholemera, si choipa ayi, chimayenda, kungoti sichoyenera kuchithira ndalama zambiri. Sitika ikakhala kuti inafufutika pali njira zina. Ipachikeni pa sikelo ija amagulira soya ndi chimanga: njinga yabwino ya chitsulo imakhala cha m'ma 10 kapena 11 kg, ikamafika 13, 14 ndiye kuti ndi ya wamba. Onaninso timakutu tomwe timagwira ekiselo ya tayala la kumbuyo. Tikakhala tokhuthala, toumbidwa bwino, derailleur (kachipangizo kosamutsa tcheni pa magiya) yomangidwa pa khutu lenilenilo, ndi chizindikiro chabwino. Tikakhala ngati angodula lata n'kuliphwatalitsa, derailleur yokoledwa ndi ka mbedza, ndi njinga yotchipa kuyambira ku fakitale. Ndipo paipi ya chishalo ikalembedwa 27.2 nthawi zambiri felemuyo ndi yapamwamba, chifukwa mapaipi opyapyala amasiya bowo lalikulu mkati.

Mukadziwa mtundu wa chitsulo, fufuzani ngati inachitapo ngozi. Njinga zambiri zakale zinagundapo kutsogolo, kaya khoma, kaya dzenje, kaya kumbuyo kwa minibasi. Pititsani chala kunsi kwa mapaipi awiri aja pomwe akulumikizana ndi khosi la kutsogolo. Mukamva kakhwinya kapena kotupa, kapena penti yang'ambika mozungulira pamenepo pokha, felemu inapindika. Kenako imani chammbali muyang'ane foloko: mbali yake ya kumtunda iziyenda mzere umodzi ndi khosi, ikaoneka ngati yabwerera kumbuyo, tayala layandikira paipi ya pansi, inagunda. Foloko yokha mutha kupeza ina, koma felemu yakhwinya ine ndimati isiyeni.

Pali ka mayeso kena ka ulusi kosavuta. Mangani ulusi pa khutu limodzi la kumbuyo, muudutsitse kutsogolo kuzungulira khosi, mubwerere nawo ku khutu linalo, ukhale wokoka. Ndiye yezani ndi lula mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Zikasiyana ndi 1 kapena 2 mm musadandaule. Zikasiyana kwambiri ndiye kuti kumbuyo kunakhota, njinga imeneyo iziyenda chankhanu ndipo matayala azidyeka mbali imodzi.

Ming'alu imakonda kubisala malo omwewo: mozungulira pomwe palowa kilanki, pa paipi yaing'ono ya kumbuyo mbali ya tcheni, pa bawuti yomanga chishalo, pa timakutu tija ndi pamutu pa foloko. Kamzere kowonda kadzimbiri kooneka ngati tsitsi musakaderere, palani penti pang'ono muone. Dzimbiri la pamwamba, lofiira lomwe limachoka ndi sandipepa, si vuto. Loopsa ndi lomwe latupitsa penti ngati matuza, makamaka kunsi kwa timapaipi tiwiri ta kumbuyo tija komwe madzi amakhazikika. Dinani ndi nsonga ya sikuludilaiva, pakalowa kapena pakamveka pofewa ndiye kuti chitsulo chadyeka kuchokera mkati. Zulani chishalo muunikemo ndi tochi ya foni, igwedezeni felemu mumve ngati muli zinyenyeswa zikuchita phokoso. Njinga zomwe zakhala nthawi yaitali pa chinyontho, kapena zinachokera ku maiko komwe amathira mchere mu msewu nthawi ya chisanu, ndi zomwe zimadyeka chonchi kunja kukuoneka bwino.

Pa nkhani ya kuwotcherera ndichenjezepo. Mapaipi a njinga yabwino ndi opyapyala, pakati pake safika ndi 1 mm yomwe. Achimwene aja owotcherera mageti ndi mawindo ndi makina a magetsi akangoikapo ndodo yawo amaboola, kenako amaunjikapo chitsulo kuti abise bowolo, ndiye mwatsala ndi chotupa chomwe chidzathyoke pambali pake. Felemu zimenezi zinalumikizidwa ndi mkuwa pa moto wa gasi, ndiye ngati pali pofunika kukonza funani munthu wa gasi wodziwa mkuwa, ngati aja okonza maladiyeta. Koma foloko yong'aluka kapena mahandulo ong'aluka musawotcherere n'komwe, sinthani. Foloko ikathyoka muli pa liwiro nkhope ndi yomwe imayamba kufika pa tala.

Felemu ikapambana mayeso onsewa, onani ngati paipi ya chishalo ndi khosi la mahandulo zikusuntha. Zikuoneka zazing'ono koma zagwetsa anthu ambiri ulesi. Paipi ya aluminiyamu ikakhala zaka mkati mwa chitsulo popanda gilisi zimagwirana ngati chinthu chimodzi. Masulani bawuti, gwirani chishalo mupotokole. Khosi la mahandulo masulani bawuti ya pamwamba maulendo atatu kapena anayi, muikepo kathabwa, mugogode ndi hamala kuti kamphero ka mkati kagwe, kenako panani tayala ndi maondo mupotokole mahandulo. Zikakana thiranimo WD-40 kapena dizilo m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, muziyesa pang'onopang'ono, osamenya chishalo ndi hamala kuti chilowe chifukwa mukungoonjezera vuto. Ngati njingayo mukugula, auzeni ogulitsawo asunthe zinthu ziwirizi inu mukuona, zikakanika mtengo utsike kwambiri kapena muchokepo.

Ndiye tifike pa matayala, pomwe anthu ambiri kuno kwathu amagwa napo. Musamvere zoti iyi ndi 27, iyi ndi 28. Yang'anani pambali pa tayala pali manambala ngati 32-630 kapena 25-622. Nambala ya kumapetoyo ndi kukula kwa limu mu mamilimita ndipo ndi yokhayo yomwe sinama. 630 ndi ija amati 27 x 1 1/4, ya njinga zambiri za ku England, America ndi Japan za m'ma 1970 mpaka chakumayambiriro kwa m'ma 1980. 622 ndi 700c, yomwe njinga za pa msewu za masiku ano zimagwiritsa ntchito. Matayala a 28 x 1 1/2 omwe ali mbwee pa trading centre iliyonse, a njinga za kabaza aja, ndi 635, salowa pa limu ya 630 olo ya 622, olo wogulitsa alumbire bwanji. Chosokoneza china ndi chakuti matayala ena a ku Ulaya amalembedwa 28 koma ali 622, ndiye pitani ndi nambala ya manambala atatuyo polemba pa pepala, kapena nyamulani limu lenilenilo mukayesere konko.

Musanapitirire, zungulirani m'mashopu ndi pa msika mufunse ngati tayala la nambala yanu likupezeka, komanso ngati limabwera kawirikawiri kapena ndi limodzi lomwe linangosochera. 700c mu tauni mutha kuipeza, 630 ndiye ndi ya mwayi, ndipo njinga yomwe tayala lake mpaka mutume munthu wochokera ku Joni imathera kuseri kwa nyumba komwe munaitenga. Mwamwayi kuchoka pa 630 kupita pa 622 ndi kotheka: limu imachepa ndi 8 mm, kutanthauza kuti malabala a mabuleki atsike ndi 4 mm basi. Onani pa mkono wa buleki ngati kampata kotsetsereka labala katsala ndi malo okwana 4 mm pansi pake. Ngati alipo mwapambana, ndipo mwapezanso malo oikapo tayala lonenepa. Pa misewu yathu ya maenje, mchenga wa m'mbali ndi kuthawira kunja kwa tala lole ikamabwera, matayala a 23 mm aja ndi chilango. Ikani 28 kapena 32 mm ngati felemu ikulola, pazitsala mpata wa 4 mm kapena kuposa mbali zonse. Mukapeza kuti tayala ndi lomatidwa ndi guluu pa limu, chubu chili chosokeredwa mkati, amenewo ndi ma tubular a mpikisano weniweni, werengeranitu kuti mugula mawilo ena. Valavu nayonso muione, yowonda ya Presta ija pampu ya pa msika siigwira popanda ka adaputa, kaguleni kazikhala m'thumba.

Gunditsaninso maginito aja pa limu. Malimu a chitsulo onyezimira amaoneka bwino koma mvula ikagwa buleki imangotsetsereka, mumakoka mpaka zala kuwawa njinga ikupitabe. Amene anatsikapo msewu wa ku phiri la Zomba kapena zitunda za ku Chikwawa akudziwa kuti kumeneko si koyesera. Ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndingavomere kuti musinthe osaganiza kawiri, ndi kuchotsa malimu a chitsulo n'kuika a aluminiyamu.

Chotsatira ndi kudziwa komwe njingayo inabadwira, chifukwa mazinga a mabawuti ake amatengera kwawo. Za ku Japan ndi Taiwan monga Bridgestone, Miyata, Panasonic, Fuji, Giant, zambiri zili ndi mazinga a chingerezi omwe ali paliponse mpaka lero: bottom bracket (pomwe pamazungulira ekiselo ya makilanki) ya 68 mm, mazinga 24 pa inchi. Izi ndi zosavuta, chilichonse chimalowa. Za ku France zakale, Peugeot, Motobecane, Gitane za m'ma 1970, zili ndi miyezo yawoyawo, bottom bracket ya 35 x 1 mm, khosi la mahandulo 22.0 mm m'malo mwa 22.2, ngakhale mapedulo ena mazinga ake ndi osiyana. Raleigh zambiri zotchipa zopangidwa ku Nottingham zinali ndi mazinga 26 pa inchi. Za ku Italy ndi 70 mm, 36 x 24. Sikuti njinga zimenezi muzitaye ayi, Peugeot yabwino imayenda mokoma kwambiri, koma makapu ake akale a bottom bracket, momwe mumakhala mabelingi, muwasamale ngati ndalama, musataye ndi kamodzi komwe, ndipo makaniko akamakakamiza kapu yatsopano ndi chisipanala chachikulu ikukana, mugwireni dzanja. Mazinga a felemu akadyeka ndi nkhani ina yodula. Kumbukiraninso kuti pa mazinga a chingerezi kapu ya mbali ya tcheni imamasuka mozondoka, ndipo pedulo ya kumanzere pa njinga iliyonse ndi yozondokanso. Ambiri amathyola zinthu akumanga pomwe akuganiza kuti akumasula.

Apa tsopano tengani pepala ndi cholembera. Lembani kaye zomwe muyenera kugula zivute zitani: matayala awiri, machubu, kansalu ka mkati mwa limu, malabala a mabuleki, nthambo zonse zinayi ndi zikuta zake, tcheni, mabelingi, gilisi, tepi ya mahandulo. Pansi pake lembani zomwe mwapeza kuti njinga yanuyo ikufuna, kaya mawilo, kaya fuliwilo, kaya chishalo, ndi ndalama ya makaniko. Mitengo mukafunse sabata yomweyo, ya mwezi watha siigwira ntchito ndi mmene zinthu zochokera kunja zikukwerera. Mukaphatikiza, pitani kwa ogulitsa njinga za kaunjika mufunse mtengo wa njinga yoyenda kale ya mtundu ngati womwewo. Ngati felemu yanu ndi ya chitsulo wamba, mawilo akufunika ena, ndipo chiwerengero chanu chafika kapena chaposa mtengo umenewo, isiyeni. Ngati ndi felemu yabwino, yowongoka, saizi yanu, pitirizani olo ziposeko pang'ono, chifukwa felemu ngati imeneyo simungaipezenso mwachisawawa. Pali gulu lina lomwe masamu sagwira: njinga ya malemu bambo anu. Imeneyo ikonzeni basi, palibe amene angakutsutseni, kungoti mudziwe kuti mukulipira chikumbutso, musamayembekeze kuti mudzaigulitsa n'kubweza ndalama.

Mukaganiza zoikonza, ibwezereni kaye mmene inalili, za upgrade zidikire. Jambulani zithunzi ndi foni musanamasule chilichonse, makamaka mmene nthambo zadutsira ndi mmene tcheni chalowera mu derailleur. Tizigawo ta malo amodzi tikhale m'kachitini kakekake, ta habu ya kutsogolo tisasakanikirane ndi ta kumbuyo. Tsukani ndi palafini ndi mswachi wakale. Mukamasula mahabu, bottom bracket ndi khosi, yang'anani makoni ndi makapu pomwe mabelingi amayenda: pakhale kamzere kosalala konyezimira, pakakhala timaenje koni imeneyo yatha. Timipira tachitsulo musabwezere takale, n'totchipa. Pa njinga zambiri habu ya kumbuyo imalowa 9 mbali iliyonse ta 1/4 inchi, ya kutsogolo 10 ta 3/16, bottom bracket 11 ta 1/4, khosi ta 5/32, komabe werengani tomwe mwatulutsa ndipo mutengeko kamodzi popita kogula. Gilisi wa galimoto wamba ndi wokwanira, pakani mosaumira. Pomanga koni, tayala lizizungulira momasuka popanda kugwedera, ndipo ngati ndi la kachitsulo kotsekera ndi dzanja kaja siyani kugwedera pang'onong'ono chifukwa mukatseka kamafinya ekiselo. Felemu ili yokhayokha choncho, thirani oyilo pang'ono mkati mwa mapaipi muigubuduze, ndipo paipi ya chishalo ndi khosi muzipake gilisi musanabwezere.

Tcheni chiyezeni ndi lula: mapini 24, kapena kuti malinki 12 athunthu, akuyenera kukwana mainchi 12 ndendende. Chikapitirira ndi 1/16 inchi sinthani tcheni, chikafika 1/8 ndiye kuti mano a fuliwilo nawo adyeka ndipo tcheni chatsopano chizidumpha mukamaponda mwamphamvu. Pogula samalani, tcheni cha njinga wamba yopanda magiya ndi chachikulu, 1/8 inchi m'lifupi, sichiyenda pa magiya. Nenani kuti mukufuna cha 6, 7 kapena 8 speed. Nthambo za mabuleki nazonso mitu yake ndi yosiyana ndi ya mountain bike, nyamulani yakale. Ndipo chonde oyilo wakuda wotsala mu injini asayandikire tcheni chanu, amakoka fumbi lonse la mu Okutobala n'kusanduka phala lopera mano. Madontho ochepa a oyilo woyera, kenako pukutani ndi kansanza.

Ngati makilanki ndi a kotapini musachite manyazi, kotapini ndiye amapezeka ngakhale kumudzi, bola mutenge wakale mufananize kukula kwake ndipo pokhoma muchirikize kilanki pansi ndi paipi kuti nkhonya isapite ku mabelingi. Kuwongola malimu apatseni akatswiri a pansi pa mtengo aja, ntchito imeneyi amaidziwa kuposa ambirife, ingowauzani kuti limu ya aluminiyamu sifuna hamala.

Za penti ine ndimakana. Penti ya ku fakitale olo yakalamba imaoneka bwino kuposa ya bulashi, ndipo mukaphimba masitika aja mwafufuta umboni woti felemu ndi ya mtundu wanji. Palani pomwe pali dzimbiri pokha, pakani primer, mudontheze penti yofanana kapena ya m'zikhadabo ija. Zonyezimira zomwe zachita timadontho tadzimbiri zipukuteni ndi foyilo yonyowetsa, muona zodabwitsa.

Mukamaliza ikwereni kwa mwezi kapena iwiri musanagule china chilichonse. Pamenepo ndi pomwe mudziwe chomwe chikukuvutani zenizeni, ndipo ndikhoza kulosera kuti ndi magiya. Njinga zimenezi zimabwera ndi mano 52 ndi 42 kutsogolo, kumbuyo lalikulu 24 kapena 28, zopangira anyamata a mpikisano, ndiye pa zitunda za ku Blantyre kapena Mzuzu mumapezeka mukuikankha. Mankhwala ake otchipa ndi fuliwilo ya mano ambiri, 14 mpaka 28 ngati yanu imathera pa 24, kapena Megarange ya Shimano yomwe imafika 34, pamodzi ndi derailleur ya mountain bike ya mkono wautali ndi tcheni chotalikirapo. Zonsezi zimapezeka chifukwa ndi zomwe zili pa ma mountain bike otchipa. Ubwino wa timandodo takale tija ndi wakuti tambiri sitiwerenga magiya, mumangokankha mpaka tcheni chikhale, ndiye timagwira ndi derailleur ina iliyonse. Zodumpha modina ka "tiki tiki" Shimano anazibweretsa mu 1984, ndipo zambiri za nthawi imeneyo zili ndi pokhotetsa kuti zibwerere ku kachitidwe kakale. Mabuleki akakhala ofooka ngakhale mwaika malabala ndi nthambo zatsopano, mabuleki a mtundu watsopano otchedwa dual pivot amathandiza, koma yezani kaye kutalika kuchoka pa bawuti kufika pa limu, komanso muone ngati ndi omanga ndi nati ya kunja ngati akalewo.

Msampha uli pa zosinthira magiya za pa mabuleki, ma STI aja omwe anayamba mu 1990. Mukaona anzanu akusintha giya manja ali pa mahandulo mtima umafuna, koma zili ngati kukoka tsinde la dzungu loyanga, wagwira pamodzi munda wonse ukugwedezeka. STI ya 9 speed ikufuna cassette (magiya a kumbuyo a mtundu watsopano) ya 9, cassette sikwera pa habu ya fuliwilo ndiye wilo la kumbuyo lina, wilo limenelo ndi la 130 mm pomwe felemu yanu ndi ya 120 ngati inali ya magiya 5 kumbuyo kapena 126 ngati inali ya 6 kapena 7, kenako derailleur yogwirizana nayo, tcheni chowonda, toimitsira nthambo pomwe panali timandodo, mwinanso kilanki. Yezani mpatawo ndi lula mutachotsa wilo. Felemu ya chitsulo ya 126 imalandira wilo la 130 mukangoitambasula ndi manja polowetsa, ya 120 imafunika kuipinda mosamala mbali imodziimodzi mukuyeza ndi ulusi uja, ya aluminiyamu musayerekeze. Mukaphatikiza zonsezi pogula chimodzichimodzi mupeza kuti mwagula njinga ina. Njira yokhayo yomwe ndimaona kuti ili ndi nzeru ndi kupeza njinga yatsopanoko yomwe felemu yake inathyoka, mugule yonse motchipa, musamutse zonse nthawi imodzi, ndipo izi zichitike pa felemu yabwino yokha, osati ya Hi-Ten. Ma disc brake ndiye iwalani, felemu ndi foloko zimenezi sanazipangire mphamvu imeneyo.

Ena msana umakana mahandulo opindika. Mutha kuika owongoka, koma dziwani kuti zogwirira mabuleki zisinthanso chifukwa mapaipi ake ndi osiyana kukula, 23.8 ndi 22.2 mm, ndipo zogwirira za V-brake za pa mountain bike sizikoka bwino mabuleki a njinga ya pa msewu, funani zopangidwira mabuleki a mtundu wa cantilever. Musanatero yesani kungokweza khosi, osapitirira kamzere kolembedwa pamenepo. Ndipo ngati mumakhala kwa chidikha ngati ku Salima kapena ku Nchalo, magiya onse akufa aja mutha kungowachotsa, muike fuliwilo ya giya imodzi, timakutu ta njinga zakale ndi totalika mokwana kukokera tcheni.

Tsiku loyamba kuikwera pitani pamalo opanda magalimoto, yesani mabuleki onse mwamphamvu, kenako pa liwiro lochepa pepukitsani manja pa mahandulo. Ikamakokera mbali imodzi, foloko kapena felemu ili ndi vuto lomwe munaliphonya, kapena wilo silinakhale pakati. Pakatha maulendo angapo bwerezani kumanga manati a makilanki, kokaninso nthambo chifukwa zatsopano zimatamuka, ndipo mugwire masipoko awiriawiri mumve ngati pali olefuka. Nyali ya kumbuyo ndi chipewa muziwerengere pa pepala lija, njinga iyi imathamanga kuposa zomwe madalaivala a pa M1 amayembekezera kwa munthu wa pa njinga.

Ngati mayeso aja yalephera ndipo mwaganiza zoisiya, musaipereke yathunthu kwa ogula zitsulo pa kilo. Masulani derailleur, timandodo ta magiya, mabuleki, makilanki a aluminiyamu, mahandulo, khosi, paipi ya chishalo ndi mahabu, makamaka zikalembedwa Shimano 600, 105, Dura-Ace, SunTour kapena Campagnolo. Zitsukeni, muzipake oyilo, muzisunge mu katoni pouma. Felemu yabwino yopanda zida imapezeka motchipa kwa a kaunjika omwewo, ndipo okonza njinga a mu tauni amagula zida zimenezi mukawaonetsa.